Ngaka ya ku Nkhalango ya Liwonde

Tikamachoka ku Mangochi kupita ku Zomba timawoloka Shire pa Liwonde. Kumtunda kwa mlathowo, tsidya la kum'mawa, kuli nkhalango ya Liwonde yosungiramo nyama. Alendo amapitako kukaona njovu, mvuu ndi ng'ona. Koma m'mitengo ya tsanya ya kumeneko mumakhalanso ngaka, nyama imene ngakhale alonda a m'nkhalangomo amatha miyezi osakumana nayo.

Ngaka imagona masana m'maenje amene nyama zina zinakumba. Nthawi ya Magharibi ikadutsa ndi pamene imatuluka kukasaka nyerere ndi chiswe. Ilibe mano. Imatola chakudya ndi lilime lalitali lomata. Wofuna kuiona ayende ndi mlonda, asapange phokoso, ndipo ayang'ane pansi pafupi ndi zulu. Ngaka imayenda ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itainyamula, mchira uli kukhudza pansi mwa apo ndi apo. Nthawi zina munthu amayamba wamva kukhwekhwereza kwa mamba ake m'udzu wouma asanaione.

Ikaopsedwa siluma, sithamangitsa munthu. Imangodzipinda ngati nkhata, mutu mkati. Mkango umalephera kuitsegula, koma munthu amangoitola n'kuiponya m'thumba. Apa ndi pamene pagona tsoka lake, pakuti imabereka mwana mmodzi yekha pa chaka. Mamba ake amagulitsidwa ku maiko a ku Asia ati ndi mankhwala, chonsecho ndi ofanana ndi zikhadabo zathu zomwe timawenga pa Lachisanu.

Mu 2016 maiko anagwirizana ku Johannesburg kuletsa malonda a mitundu yonse 8 ya ngaka. Kuno kwathu lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopezeka ndi ngaka angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Makolo, mwana wanu akauzidwa kuti asunge thumba la mlendo usiku umodzi wokha apatsidwa ndalama, mumufunse za m'thumbamo.

Ife chimatiwawa kwambiri ndi njala yake. Ngaka siidya gaga kapena nsima, choncho poyembekeza wogula imakhala masiku osadya kanthu. Ana a ku madrasa amaidziwa bwino hadisi ya Mtumiki (S.A.W.) ya mayi uja analowa ku Moto chifukwa chotsekera mphaka osampatsa chakudya kapena kumumasula kuti akadzisakire yekha. Mphakayo akanatha kudya zotsala za pakhomo. Ngaka ya m'thumba yokha ilibe pothawira, pakuti chakudya chake chili ku chulu.