Mlimi Wodikira Kalulu pa Chitsa

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nzeru za anthu a kutali nazonso n'zoyenera kuzitola, adzukulu.

Mwana wa ku China saphunzira a, e, i, o, u basi. Asanamalize sukulu ya pulayimale amayenera kuzindikira zilembo pafupifupi 3,000, ndipo aphunzitsi amamupeputsira mtolowu ndi zithunzi. Chilembo 木 ndi mtengo. Mitengo iwiri, 林, ndi nkhalango. Munthu wotsamira mtengo, 休, ndiko kupuma. Komabe zilembo zambiri zili ndi mbali ziwiri, ina yopereka tanthauzo, ina katchulidwe. Mu 妈, kutanthauza mayi, muli mkazi ndi hatchi, pakuti hatchi m'chinenero chawo imatchedwa "ma".

Miyambi yawo yambiri ili ndi zilembo zinayi zokha, ndipo chothandiza kuikumbukira ndi nthano yake. Mwambi wa 守株待兔, kudikira kalulu pa chitsa, udachokera m'buku la Han Fei, amene adamwalira m'chaka cha 233 Khristu asanabadwe. Mlimi wina wa dziko la Song adaona kalulu akuwomba chitsa n'kufa. Adasiya kulima n'kumakhala pachitsapo kudikira wina, koma palibe adabwera, ndipo anthu adamuseka.

Mwana woloweza zilembo zinayizo osamva nthanoyi amaiwala msanga tanthauzo lake. Miyambi ya kwathu nayonso imafa chimodzimodzi agogo akaleka kuyimba nthano madzulo.