Nambala m'malo mwa dzina

Pamene ndinkabadwa, chapakati pa zaka za m'ma 1970, oimba vayolini padziko lonse anali atagwirizana kale pa mfundo imodzi: vayolini wabwino ndi wopangidwa ndi Mtaliyana amene anamwalira kalekale. Antonio Stradivari wa mumzinda wa Cremona anamwalira mu 1737, ndipo mmisiri mnzake wa mumzinda womwewo, Giuseppe Guarneri, amene amamutcha del Gesù, anatsatira mu 1744. Ambiri ankakhulupirira kuti luso lenileni linalowa nawo m'manda awiriwa. Mmisiri wamoyo, kaya aluse chotani, ntchito yake inali kumata ming'alu, kusintha nsambo ndi kusamalira chuma chimene akufa anasiya.

Ine ndinakulira kutali ndi zonsezi, ku Dedza, m'nyumba ya kalipentala. Choimbira cha uta chimene ndinachiona ndili mwana chinali kaligo wa malume, wa nsambo imodzi, amene anasema okha n'kumaimba okha. Wopanga ndi woimba anali munthu mmodzi, ndiye funso lakuti ulemu upite kwa ndani silinkabuka. Ndinadzakumana nalo ndili bambo kale, kuno ku England, mwana wanga wamkazi atayamba kuphunzira vayolini kusukulu. Kathabwa kamene kamanyamula nsambo katathyoka, anatilozera kwa mkulu wina amene anaphunzira ntchitoyi ku Newark, tauni ya ku Nottinghamshire kumene kuli sukulu ya opanga mavayolini. Nditangolowa, fungo la utuchi ndi la guluu wa pamoto linali lomwe lija la m'shedi ya bambo anga. Mpaka lero ndimapitako ngakhale popanda chothyoka.

Mkuluyu ndi amene anandifotokozera mmene zinthu zinalili ali mnyamata. M'mimba mwa vayolini aliyense mumamatidwa kapepala kolembapo dzina la wopanga, mzinda wake ndi chaka, ndipo kamaoneka ukasuzumira pa ming'alu iwiri yopindika imene amaboola pathabwa la pamwamba. "Woimba akabwera," anatero, "ankayamba wasuzumira kaye. Akaona kuti chaka n'chomwechino ndipo dzina n'lachingerezi, ankamubwezera patebulo asanakokepo uta n'kamodzi komwe." Kapepala kameneko, kochepa kuposa chikhatho cha mwana, ndi kamene kankagamula mlandu khutu lisanamve kanthu.

Mipikisano ya amisiri ndi imene inalimbana nako. Ku Poznań m'dziko la Poland anali atayamba kale mu 1957, koma moto weniweni unayaka m'zaka zimene ine ndinkaphunzira kuyenda. Bungwe la Violin Society of America linakhazikitsidwa mu 1973, ndipo pasanapite nthawi linayambitsa mpikisano umene masiku ano umachitika zaka ziwiri zilizonse. Mu 1976 mzinda wa Cremona unatsegula wake, wochitika pakatha zaka zitatu zilizonse, umene anthu amangoutchula kuti Triennale. Mittenwald ku Germany inatsatira mu 1989, Paris mu 1991. Malamulo amasiyana apa ndi apo, koma limodzi ndi lofanana konse: dzina libisike. Kapepala kaja kamaphimbidwa, ndipo choimbiracho chimalandira nambala, monga mmene pepala la mayeso a Fomu 4 limafikira kwa wochonga, wosadziwa ngati wolemba ndi mwana wa nduna kapena wa mlimi.

Chaka china ndinaonerera mkulu uja akukonza viola, mkulu wake wa vayolini, yoti apite nayo kumpikisano. Thabwa la pamwamba, la mtengo wa spruce, analisema mpaka litapyapyala kufika mamilimita atatu kapena kuchepera. Chitsulo chopalira chinali chaching'ono ngati chala chachikulu. Akapala pang'ono ankalinyamula n'kuliika kutsogolo kwa nyale, kuwala n'kumadutsa kofiira m'thabwamo, kowala kwambiri pamene papyapyala, kodera pamene patsala nyama. Kenaka ankalitsina ndi zala ziwiri, n'kuligogoda ndi mfundo ya chala pafupi ndi khutu, maso ali tsinzi. M'mphepete monse mwa thabwalo mumayenda kamzere kakuda, kamene si utoto ayi koma timizere titatu ta mtengo tolowetsedwa m'kangalande kosemedwa ndi mpeni. Pangodya pamene timizereti timakumana, nsonga yake iyenera kutuluka yakuthwa. Ngodya ina sinamukhutiritse. Kwa ine inali yabwinobwino, koma iye anaichotsa n'kuyambiranso, chifukwa ankadziwa amene akaione.

Oweruza amakhala magulu awiri. Gulu loyamba ndi la amisiri anzake, amene amatembenuza choimbiracho uku ndi uku, kuyang'ana ngati mutu wopiringizika uja wasemedwa mofanana mbali zonse, ngati vanishi wagona bwino, ngati khosi lalowa molunjika, mpaka kusuzumira m'kati ndi kagalasi. Gulu lachiwiri ndi la oimba, amene amachiimba okha ndi kuchimvetsera chikuimbidwa ndi wina muholo. Chokongola chosalira bwino chimagwa, cholira bwino chosemedwa mwaphuma chimagwanso. Nthawi zina oweruza amatha kuimika mendulo ya golide osaipereka kwa aliyense. Ku Cremona, choimbira chimene chapata golide sichibwerera kwa mwini wake: amachigula n'kuchisunga ku Museo del Violino, nyumba imene inatsegulidwa mu 2013, denga limodzi ndi mavayolini a Stradivari mwiniwakeyo. Ku America, mmisiri akapata golide pamipikisano itatu amamuuza kuti basi, wakwana, asiyire ena, ndipo ambiri otere amadzakhala oweruza.

Mkulu wanga uja sanabwere ndi mendulo. Anabwera ndi mamalikisi ake ndi kope lodzaza ndi zojambula. Chimene anandisimbira usiku wonse chinali holo ija: mazana a zoimbira atayalidwa pamatebulo, amisiri a zilankhulo zosiyanasiyana atawerama ndi matochi, wina akufunsa mnzake mmene anaphikira vanishi, mnzakeyo n'kumuuza osabisa. Kwa munthu amene anakulira m'nthawi imene mmisiri ankatseka chitseko akamasakaniza utomoni ndi mafuta, izi zinali zachilendo zedi. Njira inali itatsegulidwa kale ndi Simone Sacconi, amene atakonza zoimbira zambiri za Stradivari moyo wake wonse anatulutsa buku mu 1972 losonyeza kuti panalibe matsenga, koma miyeso, ndondomeko ndi dzanja lozolowera. Mipikisano inachititsa kuti nzeru zoterezi ziziyenda. Lero mavayolini akale amalowetsedwa m'makina ojambulira a kuchipatala, ndipo mnyamata wa kulikonse angathe kudziwa kukhuthala kwa thabwa lililonse la Stradivari.

Nditawaimbira foni bambo anga n'kuwauza kuti kuno kuli anthu amene amavekedwa golide chifukwa chopala thabwa, anakhala chete kaye. Kenaka anati, "Zakhala bwino zimenezo, mwanawe. Ife kuno mpando ukakoma, alendo amayamikira mwini nyumba." Ndinati, "Ababa, ngakhale kunoko m'manja amaombera woimba." Mawu awo sanandichoke. Anapanga mipando ya matchalitchi ndi zitseko za sukulu zaka zonse za mphamvu zawo, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe cholembedwa dzina lawo.

Dzina litabisika, mayina amene anayamba kutuluka m'maenvulopu anadabwitsa anthu. Nthawi imeneyo vayolini wa ku China ankatanthauza chinthu chotchipa cha kufakitale, choyenera mwana woyamba kumene, ndipo n'zoona kuti mpaka lero tauni ngati Huangqiao imatulutsa oterewo ochuluka kwabasi. Koma mu 1994 Zhu Ming-Jiang wa ku Guangzhou anatenga golide pampikisano wa ku America, n'kudzatenganso mu 2006. Akanakhala kuti oweruza anaona kaye kapepala, ndikukayika ngati akanamupatsa mpata wofanana ndi wa ena. Pofika 2010 mzinda wa Beijing unali ndi mpikisano wakewake wa opanga mavayolini ndi mauta. Amisiri a ku Korea ndi ku Japan, komanso amayi, amene kale sankaoneka kawirikawiri pabenchi ya ntchitoyi, masiku ano sasowa pamndandanda wa opambana.

Kenaka kubisa dzina kunafika pamene ambiri ankaopa. Mu 2010, mumzinda wa Indianapolis, katswiri wa sayansi ya mawu Claudia Fritz ndi mmisiri Joseph Curtin anaitanira oimba 21 m'chipinda cha hotela chamdima, n'kuwaveka magalasi akuda ngati a owotcherera zitsulo. Pabedi panali mavayolini asanu ndi mmodzi: atatu atsopano, awiri a Stradivari, mmodzi wa del Gesù. Anathirapo ngakhale kafungo ka pafyumu kuti mphuno isaulule. Atafunsidwa amene angakonde kupita naye kwawo, 13 anasankha watsopano. Anthu anadandaula kuti chipinda cha hotela si holo, ndiye mu 2012 anabwereza ku Paris ndi akatswiri 10 odziwika, muholo yeniyeni, ndipo 6 anasankhanso watsopano. Izi sizikutanthauza kuti Stradivari anali mmisiri wamba. Zikungosonyeza kuti manja a anthu sanafe mu 1737. Woimba wamkulu ngati Christian Tetzlaff amaimba vayolini wa Stefan-Peter Greiner, munthu wamoyo, ndipo vayolini amene mmisiri Samuel Zygmuntowicz anapangira woimba Isaac Stern anagulidwa pamtengo wa madola 130,000 mu 2003. Akale aja mitengo yawo ikukwerabe: wotchedwa Lady Blunt, wa 1721, anapita pa mapaundi 9.8 miliyoni mu 2011. Amene ali nazo ndalama agule, ndi mbiri akugulayo. Koma mwana wanga sadzakula akuuzidwa kuti mawu okoma ali m'manja mwa olemera okha, ndipo chimenecho ndimachiyamikira ndi mtima wonse.

Pali chimene chimandidetsa nkhawa. Amene akufuna mendulo amaphunzira zimene oweruza amakonda, ndipo mapeto ake mavayolini a pamatebulo aja amayamba kufanana nkhope: osalala, oyezedwa bwino, opanda cholakwa, ena opandanso chokumbukika. Ukayang'ana zithunzi za ntchito ya del Gesù ya m'zaka zake zomaliza, ming'alu iwiri ija siyofanana, mutu ndi wosemedwa mwaukali, mpeni ukuoneka pamene unadutsa. Pepala la mamalikisi likanamulanga, chonsecho woimba wamkulu Paganini ankaimba vayolini wa del Gesù yemweyo. Mpikisano umatha kuyeza ukhondo wa ntchito. Kulimba mtima kwa mmisiri sunapezebe poikira malikisi.

Nkhawa yaikulu kuposa pamenepa ili ku mauta. Kwa woonerera, uta ndi kandodo chabe, koma kuupanga ndi ntchito yapayokha, ya amisiri akeake ndi mamendulo akeake. Maonekedwe amene tikuwadziwa lero anawakhazikitsa François Xavier Tourte wa ku Paris, amene anamwalira mu 1835. Uta wa vayolini umalemera pafupifupi magalamu 60. Mmisiri amaupala wowongoka, kenaka amaudutsitsa pamwamba pa lawi pang'onopang'ono n'kumaupinda, gawo ndi gawo, kufikira utagwira mpindo umene sudzauiwala. Ubweya wake ndi wa kumchira kwa hatchi, wambiri wochokera ku Mongolia. Mauta akale ankawaika mnyanga wa njovu kunsonga ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja kogwirira. Zimenezo zinatha m'moyo wanga womwe uno, malonda a minyanga pakati pa mayiko ataletsedwa mu 1989, ndipo amisiri anapeza zina, nyimbo sizinaime.

Ndodo yeniyeniyo ndiyo yavuta. Kuchokera nthawi ya Tourte, uta wapamwamba umapangidwa ndi pernambuco, mtengo umene umamera mwachilengedwe m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja ku Brazil kokha. Apwitikizi anayamba kuudula m'zaka za m'ma 1500 pofuna utoto wofiira, ndipo nkhalangozo zatsala zigambazigamba. Mu 2007 unalowa m'ndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi, ndipo pamsonkhano wa ku Panama mu 2022 dziko la Brazil linapempha kuti malonda ake atsekedwe pafupifupi kotheratu. Oimba ndi amisiri analira, mpaka anagwirizana zapakatikati. Ine sindingawaweruze a ku Brazil. Dziko lathu lomwe ndi limene linapempha mu 2019 kuti mtengo wa mukula ulowe m'pangano lomweli, titaona mmene unkatulukira pamalole. Opanga mauta akhala akusonkha ndalama zodzalira pernambuco, koma mtengowu umafuna zaka makumi angapo kuti ukhwime.

Zotsatira zake n'zakuti mitengo yabwino, yokhala ndi zikalata zake, ili m'mashelefu a amisiri achikulire amene anagula kale. Mtsikana amene akumaliza maphunziro lero amalowa mpikisano atagonja kale pa mtengo, ngakhale dzina lake litabisika bwinobwino. Alipo amene akuyesa mitengo ina monga ipê, ndipo mauta a carbon fibre afika poti oimba enieni amayenda nawo. Chowabweza m'mbuyo ndi chomwe chija cha kale: woimba amayang'ana kaye mtundu wa ndodo, akaona kuti si wofiirira wozolowereka uja, dzanja lake limakhala litagamula kale.

Choncho pempho langa kwa okonza mipikisanoyi n'loti achite ndi mtengo zimene anachita ndi kapepala kaja. Avekeni oimba magalasi akuda, muwapatsire uta wa pernambuco, wa ipê ndi wa mtengo wina uliwonse m'manja mosawauza, ndipo golide apite kumene dzanja ndi khutu zaloza. Ngati pernambuco apambanabe, tidzadziwa kuti tiyenera kudzala mochuluka ndi kudikira. Ngati sapambana, mitengo yotsala m'nkhalango za ku Brazil isiyidwe ikule.