Kokonzetsa wotchi ya malemu bambo ku La Chaux-de-Fonds

Sitima yochokera ku Geneva imatenga pafupifupi maola awiri kuti ifike ku La Chaux-de-Fonds, ndipo ikangodutsa Neuchâtel imayamba kukwera mapiri a Jura. Tauniyi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000, ngati Lilongwe yathuyi, koma kuzizira kwake n'kwina.

Misewu ya kuno ndi yowongoka ngati mizere ya m'munda. M'chaka cha 1794 moto unawononga tauniyi, ndipo poimanganso anandandalitsa nyumba motalikirana, zonse za mawindo akuluakulu, kuti kuwala kuzifika pa tebulo la wopanga mawotchi. Mu 2009 bungwe la UNESCO linaika tauniyi pamodzi ndi inzake ya Le Locle pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse.

Ine ndinali ku Switzerland pa za ntchito, koma tsikuli ndinalipatulira wotchi ya malemu bambo, imene ndinaikulunga m'kampango. Anaigula ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1970, ndipo pakhomo pathu inali chinthu chodula kuposa njinga ndi wailesi kuphatikiza. Itaima, achimwene anati tigulitse, poti wotchi yakufa si chuma. Wokonza mawotchi wina pamsika anati mwina batire yatha. Chonsecho wotchiyi ilibe batire.

Amene anandilandira m'kashopu kena ndi mayi wachikulire, atavala kagalasi kokulitsa zinthu pa diso limodzi. Asanaitsegule anandifunsa ngati inagwapo, ngati inanyowapo, ndiponso kuti inatsukidwa liti komaliza. Funso lomalizali linandiseketsa. Bambo ankangoipukuta ndi malaya basi.

Atavundukula kumbuyo anandiitana kuti ndisuzumire. Mukapota kachitsulo ka m'mbali kaja mumakunga sipuling'i, ndipo sipuling'iyo ikamamasuka imayendetsa timagiya tambirimbiri. Pali kawilo kamodzi kamene kamangopita uku n'kubwerera uku, ndiko kamene kamagawa nthawi. M'mawotchi ambiri akale kamagunda ka 18,000 pa ola, kutanthauza kasanu pa sekondi iliyonse. Timiyala tofiira timene ndinkayesa tokongoletsa ndi pomwe nsonga za timagiya zimazungulira, ndipo paliponse pamafunika kadontho ka mafuta kosaoneka ndi maso. Mwa bambo mafutawo anali atauma gwa, atasakanikirana ndi fumbi la zaka zambiri. Panalibe chothyoka.

"Mwachita bwino osaikakamiza," anatero mayiwo. Anati ambiri wotchi ikaima amaigwedeza, amaimenya pachikhatho, ena amathiramo mafuta a makina osokera, ndiye vuto laling'ono limasanduka lalikulu. Anawonjezera kuti wotchi yotere isamagone pafupi ndi sipika, chifukwa maginito amaisokoneza.

Podikira kuti awerengetsere mtengo ndinapita ku Musée international d'horlogerie, nyumba yosungiramo mawotchi akale imene mbali yake yaikulu ili pansi pa nthaka. Mawotchi alimo masauzande, ndipo kunena zoona maso anga anatopa msanga. Ndinakhalitsa pa gawo lofotokoza za m'ma 1970, pomwe mawotchi a batire otsika mtengo anadzaza msika, mafakitale ambiri a kuno n'kutsekedwa. Bambo ankagula yawo nthawi yomweyo, pamene dziko linkathamangira za batire.

Mtengo wake unandiuma pakamwa: unafanana ndi fizi ya mwana wanga ya teremu yonse. Ntchito yake ndi kumasula kachidutswa kalikonse, kutsuka, kuthira mafuta, kumanganso, kenako kuiyesa kwa masiku angapo. Mayiwo anati angathenso kupukuta kunja kuti zokalika zonse zichoke, iwale ngati yatsopano. Izo ndinakana. Chokalika chachikulu cha pambali chinabwera tsiku limene bambo ankakhoma malata a nyumba yathu, ine nditawagwirira makwerero.

Ndinaimbira achimwene pa WhatsApp ndili panja, mano akugundana. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Iwe, ukuti palibe chothyoka?" Nditavomera, anati theka la ndalamayo alipira ndi iwo, koma pa ukwati wa mwana wawo wotchiyo idzakhala pa mkono pawo. Mayi aja analemba lisiti, nati ndidikire milungu isanu ndi umodzi.