Kalata ya malume yopita ku Limbe

Kwa Nchema,
Chiradzulu.

Mwana wa mlongo wanga,

Ife tilipo, kungoti bondo langa lija layambanso. Amayi ako ali bwino, ndipo nandolo wawo wabereka ndithu chaka chino.

Chandigwiritsa cholembera ndi zimene ndamva. Mnyamata uja wa kwa azakhali ako, wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, anabwera kumaliro sabata yatha, ndipo tikuchezera pasiwa anandiuza kuti njinga yako yamoto siizizira. Akuti umadzuka tambala asanalire, n'kubwerako anthu atatseka kale zitseko. Akuti Lamulungu ndiye tsiku lako la ndalama: umanyamula anthu opita kukapemphera, kuwatula pakhomo pa tchalitchi, iwe n'kutembenuza njinga kukasaka ena. Anawonjezeranso kuti tsiku lina anakupeza pasiteji ukusinza uli chikhalire panjinga. Mwina anathirako mchere, paja pasiwa nkhani zimakula. Koma amayi ako nawo akuti ukaimba foni masiku ano mawu ako ndi odukaduka, ndipo ukali sukuchedwa.

Katundu wako ndikumudziwa, usayese kuti ndaiwala. Namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba ya amayi ako mu Malichi 2023, amene anagula simenti ndi malata ndi iwe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, thumba la feteleza linatithawa tonse, n'kugwera iwe. Mwini njinga amafuna ndalama yake tsiku ndi tsiku, kaya wagona pamzere wa mafuta kaya mvula yagwa tsiku lonse. Ndiye palinso zosowa za mlongo wako. Ngozi ya pamsewu ndimaiopa, inde, koma chimene chikundisowetsa tulo n'china. Ndikuopa kuti uuma m'kati. Ndinamuonapo munthu akuuma chotero, n'chifukwa chake sindingakhale chete.

Mu 1973 ndinapita ku Joni pa Wenela. Tinkakwera ndege pa Chileka mpaka ku Francistown, kuchoka apo pasitima mpaka kumigodi. M'chipinda chathu kukomboni ndinkagona moyandikana ndi mnzanga wa kuno komwe ku Chiradzulu, amene tinakulira limodzi, woimba bwino m'kwaya ali kumudzi. Analibe mowa, analibe akazi, ndipo tonse tinkamutama. Iye anali ndi cholinga chimodzi: nyumba ya malata, njinga ya kapalasa ndi makina osokera. Masiku asanu ndi limodzi tinkalowa pansi, ndipo Lamulungu, tsiku lokhalo loona dzuwa bwinobwino, iye ankakhala pakhonde kusoka zigamba za anthu ndi kumeta tsitsi kuyambira m'mawa mpaka mdima. Tikamuitana kumapemphero ankayankha kuti Mulungu akudziwa chimene anabwerera kuno, adzapemphera mokwanira akadzabwerera kwawo.

Mapempherowo ankachititsa mkulu wina wa ku Mulanje, wa imvi kale, m'kachipinda kopanda ngakhale benchi. Mu Epulo 1974 tinamva kuti ndege yonyamula anzathu obwerera kumudzi yagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 afera pomwepo. Ndi ngozi imeneyi imene inachititsa a Kamuzu kuletsa Wenela kulemba anthu. Komboni yonse inazizira. Amuna akuluakulu ankalira, chifukwa anthu aja anali atamaliza kontirakiti, masutikesi atadzaza, atatsala ndi maola ochepa kuti aone akazi awo. Ine tulo tinandithawa kwa masabata. Ndikatseka maso ndinkaona moto, ndikalowa pansi miyendo inkanjenjemera.

Lamulungu lotsatira kachipinda kaja kanadzaza mpaka panja. Mkulu uja sanatikalipire. Anatsekula 1 Mafumu mutu 19, nkhani ya Eliya pothawa Yezebeli, atatopa mpaka kupempha imfa pansi pa kamtengo m'chipululu. Anatifunsa kuti, kodi Mulungu anayamba n'chiyani pa munthu ameneyu? Sanayambe ndi mlandu. Anamusiya agone, n'kumutumizira mngelo ndi mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso, n'kumudyetsanso kachiwiri. Atatero m'pamene Eliya anayenda masiku 40 kukafika ku Horebu. Mkuluyo anati aliyense atchule dzina la munthu amene wamusiya kumudzi, timupereke m'manja mwa Ambuye mmodzimmodzi. Ndinatchula agogo ako. Usiku umenewo ndinagona mpaka belu la shifiti, ndipo kuyambira pamenepo sindinajombenso m'kachipinda kaja. Ntchito sinapepuke, mwala unali womwewo, koma Lolemba ndinkalowa pansi ndili ndi mphamvu ina.

Mnzanga uja tsiku limenelo anali pakhonde, akusoka. Anabwerera kumudzi ndi zonse zimene ankafuna, malata anakhoma, anthu anabwera kudzaona. Koma munthu amene anabwerayo sanali uja tinapita naye. Sankatha kukhala pansi n'kucheza ndi ana ake. Mkazi wake akaseka, iye ankaona ngati nthawi ikutayika. Kutchalitchi anapitako kangapo, n'kunena kuti sakumvamo kanthu, ndipo nyimbo zomwe ankatsogolera kale zinkamutopetsa. Mowa umene anaukana ku Joni anadzauyamba ali ndi zidzukulu. Ndinanyamula nawo bokosi lake. Kupemphera kumene ankati adzachita akadzafika kwawo kunamukanika, pakuti mtima uli ngati dimba: ukasiya kuthirira chilimwe chonse, sungadzatsitsimutse ndiwo ndi ndowa imodzi.

Tsono tamvera, pano sindikukupempha. Lamulungu m'mawa njinga imeneyo uiimike. Ukatula anthu pakhomo pa tchalitchi, uzimitse injini, ulowe nawo, ukhale mpaka mbusa adalitse. Foni uzimitse, makasitomala sadzafa. Mwini njinga ukamuuze maso ndi maso kuti tsiku limeneli ndalama yake ichepako, ndipo akakana undiuze, ndikwera minibasi ndekha kudzayankhula naye. Madzulo aliwonse, usanawerenge ndalama za tsikulo, uyambe watsekula Buku Lopatulika limene amayi ako anakuikira m'chikwama, ngakhale ndime zitatu zokha, kenako umuuze Mulungu zonse zakupweteka tsiku limenelo, wapolisi, kasitomala wothawa osalipira, zonse. Ndine malume ako, ndipo pa ichi sindibwerera m'mbuyo.

Usaganize kuti ndikukuphunzitsa ulesi. Ife a mpingo wa PIM ulesi sitiudziwa. Abusa a John Chilembwe poyambitsa mishoni yathuyi ku Mbombwe mu 1900 ankaphunzitsa anthu kulima, kusoka ndi kuwerenga, koma anthu omwewo anaumba njerwa n'kumanga tchalitchi chachikulu. Boma la atsamunda litachiphwasula mu 1915, a Dr Daniel Malikebu atabwera mu 1926 makolo athu anayambiranso kuumba njerwa za nyumba ya Mulungu, ali amphawi kuposa ife. Ankadziwa kuti wogwira ntchito yakalavulagaga ndiye amene akusowa kwambiri potulira mtima. Ukawerengenso Marko mutu 6: ophunzira atatanganidwa mpaka kusowa mpata wodya, Yesu mwini ndiye anawatenga kupita nawo kwa okha kuti akapume.

Mwanawe, ndalankhula mokweza chifukwa ndimakukonda. Ndiwe amene udzatsale ndi mbumba ino ine ndikadzapita, ndipo mbumba siisungidwa ndi munthu wouma m'kati, ngakhale atakhala ndi njinga khumi. Mwina masabata oyamba udzakhala m'tchalitchi mutu uli pasiteji, ukuwerenga ndalama zimene anzako akutola. Usadzathawe. Udzangokhala pomwepo, ngakhale kusinza kumene, Ambuye sadzakuthamangitsa.

Kuti usanene kuti malume amangolamula, ndagwirizana ndi amayi ako kuti za feteleza chaka chino usaziganize. Ndigulitsa mbuzi ziwiri, ndipo nandolo akagulidwa tikwanitsa. Ubwere Loweruka lomaliza la mwezi uno, udzagone kuno, Lamulungu tidzapitire limodzi kutchalitchi. Ukamabwera undigulireko mankhwala opaka pabondo aja unandibweretsera ulendo watha.

Ndine malume ako.