KODI DZINA LANGA MUNALIIWALA?

Amayi anzanga, tonsefe tinaleredwa ndi anthu odziwa kusankha mawu. Kodi alipo mwa inu amene anamvapo agogo ake akulengeza pabwalo kuti mpongozi wawo ali ndi mimba? Iwo ankati ngwoyembekezera kapena ngwapakati, ndipo tsiku lake likakwana uthenga unkapita kuchimuna wakuti wachira. Zikalephereka nthawi isanakwane ankati wapita padera. Pamaliro sitinena kuti munthu wafa monga ifera nkhuku ya chitopa, koma timati watisiya kapena watsogola. Mwambo umenewu timaudziwa ndipo timaunyadira. Koma lero ndifuna kukuululirani pamene ine, wonyadira mwambone, ndinapunthwa.

Mng'ono wanga atachira kachitatu, mwanayo, wamkazi, anabadwa ndi khungu lachialubino. Kuchimuna kunabuka manong'onong'o akuti mayiyo anazembera mwamuna wake. Ine ndinaima kumbali ya mng'ono wanga, ndipo pomutulutsa mwana m'chikuta anandipatsa ulemu wakuti ndimutche dzina. Ndinamutcha dzina la malemu amayi athu. Koma m'kupita kwa masiku dzinalo linayamba kusowa pakamwa panga. Ndinkamuitana kuti "kamzungudala kathu", uku ndikumwetulira ndi kumuninkha nthochi kapena chigumu, ndipo mumtima mwanga ndinkayesa chikondi. Ana anga anatola mawuwo kwa ine, anzawo anatola kwa iwo, mpaka mudzi wonse unazolowera.

Tsiku lina, iye ali ndi zaka 7, ndikumudzoza mafuta pakhonde, anandifunsa motsitsa mawu nati, "Amayi aakulu, kodi dzina langa lija munaliiwala?" Ndinangoti kakasi. Anandiuza kuti kusukulu dzina lake limamveka kamodzi kokha patsiku, pamene aphunzitsi aitana mayina m'mawa. Madzulo ake ndinakamufotokozera mng'ono wanga, ndipo iye anayang'ana pansi nati, "Achemwali, ndinkaopa kukudzudzulani poti ndinu akulu, koma mawu aja akhala akundilasa zaka zonsezi."

Usiku umenewo tulo sindinatione, ndinali kusinkhasinkha chimene ndinkanena kwenikweni. Kutcha mwana kuti mzungudala ndiko kunena kuti sali wathu, ndiponso kuti ndi chinthu chonamizira. Pamwamba pake ndinaikapo ka kaja, kamene timaika pa kadengu ndi kampando. Chinenero chathu chimasunga munthu, mwana, mlendo ndi mlimi m'gulu lawolawo, ndipo pofuna kulemekeza timati awa, abwera, akudya, ngakhale munthuyo ali mmodzi. Tikati chimunthu ichi kapena chagwanso chidakwa chija, tamutulutsa mnzathu m'gulu la anthu ndi kumuponya pakati pa zinthu.

Choonadi chake nchakuti chialubino si temberero, ndiponso si chizindikiro cha chigololo. Mwana amabadwa nacho pamene bambo ndi mayi onse awiri ali nacho m'chibadwa mwawo, ngakhale onsewo ali akhungu lakuda. Thupi lake silipanga mokwanira chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Nchifukwa chake dzuwa limamuwotcha msanga ndipo maso ake saona patali. Chimene mwana wotere afuna kwa ife ndi chipewa chachikulu, malaya a mikono yaitali, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi malo akutsogolo m'kalasi.

Musayese kuti nkhani ya mawuyi njamasewera. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malaŵi muno. Kuyambira mu 2014 dziko lathu linaona zoopsa, pamene ena mwa abale athuwa anabedwa ndi kuphedwa, manda awo nafukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa. M'masiku amenewo anyamata ena, akaona munthu wachialubino akudutsa, ankakuwa kuti kukudutsa ndalama. Woipa mtima sayamba ndi chikwanje ai. Amayamba wauza mtima wake kuti amene ali patsogolo pakeyo si munthu, ndipo mawu a pamtondo ndi pachitsime ndiwo amamulambulira njira. Komabe zinthu zimasintha. Bungwe la United Nations linapatula tsiku la 13 June kukhala lokumbukira anthu achialubino, ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, woyamba wachialubino m'dziko muno. Mdzukulu wa amayi anga atamva zimenezi pawailesi anafunsa kawiri ngati anamva bwino.

Chilonda chimenechi sichili pa anthu achialubino okha. Timati gonthi pamene tikanati munthu wa vuto la kumva. Timati wopunduka pamene eni ake amakonda kuti tiziti munthu wa ulumali. Timati wamisala m'malo mwa wodwala matenda a m'maganizo. Mnzathu amene sanaone mwana timamutcha chumba, ndipo khanda losalakwa timaliti lapathengo, ngati kuti linadzisankhira lokha mabadwidwe. Taonani kuti mawu abwinowo ambiri amatsogoza munthu, vuto nkubwera pambuyo, pamene mawu enawo amamumeza munthu yense, nkutsala vuto lokha.

Ena mwa inu anena kuti mawu ameneŵa ngaatali, ndiponso kuti kusintha dzina sikuchiza diso kapena kugula chipewa. Nzoona, ndipo mawu okoma opanda ntchito ndi chinyengo. Koma ngati tili ndi mpweya wokwanira kunena kuti agogo atisiya, tingausowe bwanji polankhula za amoyo, amene amamva ndi kulira? Pamene simudziwa mawu oyenera, funsani mwini wake. Wovala nsapato ndiye adziwa pamene ikuluma. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, pakuti palibe mayi woyembekezera amene adziwa mwana amene adzabadwe.

Ine ndinasonkhanitsa ana anga, ndipo pamaso pawo ndinapepesa kwa mwana wa zaka 7. Sichinali chapafupi kwa mayi wamkulu ngati ine, koma m'mera mpoyamba, ndipo ana amatola zimene amva pamoto pophikira. Zinatenga miyezi kuti mudzi uleke, ndipo lilime langa lomwe linaterereka kangapo. Lero ndikamuitana, ndimatchula dzina la amayi anga, ndipo iye amavomera kuti "Wawa" ali chilili, osabisa nkhope.

Sabata ino, amayi anzanga, tawerengani anthu a m'mudzi kapena m'dera lanu amene mumawadziwa ndi chilema chawo chokha. Mukakomana nawo, afunseni dzina.