Masiku Anga mu Bandi ya ku Cobbe

Ndinalowa usilikali ku kambi ya Cobbe ku Zomba mu 1968, dziko litangotha zaka zinayi likudzilamulira. Akuluakulu kumudzi ankatitchulabe a Keyala, ngakhale dzina linali litasintha kale kukhala Malawi Rifles. Ndinapita kumeneko mtima uli pa mfuti monga mnyamata aliyense. Koma titamaliza maphunziro oyamba, sajeni wina anadzafunsa ngati panali amene ankaimba kwaya kutchalitchi kapena kuvina mganda. Ine ndinali nditachita zonse ziwiri. Kwathu ku Dowa tinkakula ndi badza pakamwa, chipanda chija timaboola n'kumatapo kansalu koyera komwe kangaude amaikiramo mazira. Mganda womwewo unabadwa anthu atayamba kutsanzira perete wa asilikali, choncho tsikulo ndinangochoka pa lipenga la chipanda kupita pa la mkuwa.

Anayamba kutipatsa bugle, lipenga lopanda mabatani. Nyimbo yonse imatuluka ndi milomo ndi mpweya basi. Masabata oyambawo milomo inatupa n'kung'aluka, tiyi wotentha tinkamwera kumbali kwa kamwa. Mphunzitsi wathu ankatiimiritsa moyang'ana phiri, aliyense n'kugwira liwu limodzi, kulikoka mpaka mpweya uthe, kenako kuyambiranso. Liwu likamanjenjemera, ankadzakugwira pamimba ndi chikhatho kuti udziwe pomwe mphamvu iyenera kuchokera. Kuwerenga nyimbo nako kunali sukulu ina. Ife a kumishoni tinkadziwa do, re, mi wa m'kwaya, koma kuno tinapeza timadontho takuda tokhala pa mizere isanu. Nditazidziwa anandisamutsira pa cornet, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka kupuma ntchito.

Anthu sadziwa kuti kambi yonse inkayendera lipenga. Woliza bugle wa tsikulo ndiye ankadzutsa anthu m'bandakucha, kuwaitanira ku perete, ku chakudya, kutsitsa mbendera dzuwa likamalowa, mpaka kuzimitsa nyale usiku. Amayi a m'malayini ankadziwa kulira kulikonse, ndipo ankatereka madzi a nsima potsata lipengalo. Ukachedwa pang'ono, wachedwetsa bataliyoni yonse.

Ntchito yathu yeniyeni inali miyendo ya anzathu. Ng'oma yaikulu imagwa pamodzi ndi phazi lamanzere, ndipo msilikali amene ali kumapeto kwa mzere, yemwe sangamve mawu a wolamula perete, amamva ng'omayo. Drum major akakweza ndodo yake, woimba ng'oma yaikulu amagunda kawiri motsatizana, ife tonse n'kudziwa kuti nyimbo ikutha. Ndinaona kambirimbiri anyamata atatopa ndi kuguba tsiku lonse pa dzuwa, mapewa atagwa, jombo zikungokhwekhwereza fumbi. Tikangoyamba kuimba, misana inkawongoka, manja n'kuyamba kufika pomwe ayenera kufika. Ndichifukwa chake sindinavomerepo zoti a bandi tinali asilikali a masewera. Mfuti tinkaidziwa, kokaombera tinkapita ngati wina aliyense, ndipo tinaphunzitsidwa kunyamula ovulala pa machira, poti imeneyo ndiyo ntchito ya woimba bandi nkhondo ikabuka.

Pa 6 July tinkakhala ku Kamuzu Stadium ku Blantyre. Madzulo ake tinkakhalira kupukuta zipangizo ndi Brasso mpaka uzidziona nkhope pa belu la lipenga, kudontheza mafuta m'mabatani, kusita yunifolomu. Mwezi umenewo ndi wa chisanu, ndipo Chiperoni akatsika mkuwa umazizira, mawu ake n'kutsika. Tinkabisa kapakamwa ka lipenga m'thumba kuti kakhale kofunda, n'kumauziramo mpweya mwakachetechete uku titaima njo, maola akupita, mbumba ikuvina chigawo ndi chigawo, amuna akuvina ingoma, beni, gule wamkulu. Kenako inkafika nyimbo ya fuko, ija anapeka a Michael Sauka. Ndi yaifupi ndiponso yooneka yosavuta, koma pamaso pa Ngwazi, bwalo lonse litaimirira, zala zinkachita thukuta ngakhale kunali kozizira. Mu 1979 kunabwera Mfumukazi Elizabeth, ndipo nyimbo ya dziko lawo tinaiyeserera mpaka kumailota.

Komabe tsiku lomwe linkandilemera linali la mu November, pa chipilala cha Keyala ku Zomba. Nthawi imeneyo kumatentha kodikirira mvula, ndipo pofika 11 koloko mkuwa umawotcha milomo. Kunkabwera nkhalamba zovala majekete akale ochapidwa bwino, mamendulo ali ndandanda pachifuwa, duwa lofiira la pepala lili pambali. Ena anali a nkhondo yachiwiri, amene anamenya ku Moyale mu 1940, kudutsa ku Abyssinia, ku Madagascar, mpaka m'nkhalango za ku Burma. Zaka zoyambazo tinkaonanso otsala a nkhondo ya Chiwaya, ya 1914, oyenda ndi ndodo, ena ochita kugwiriziza. Nkhalamba zimenezi zinkakamba za amtengatenga, anthu wamba omwe anatengedwa m'midzi kukasenza katundu wa nkhondo n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda, ambiri mayina awo osalembedwa paliponse.

Pamenepo bandi yonse imakhala chete, Last Post n'kulizidwa ndi bugle. Palibe ng'oma yokuchirikiza, palibe mnzako wokubisa. Nthawi yoyamba yomwe anandisankha, mawondo ankanjenjemera m'kati mwa thalauzi, koma ndinakumbukira chikhatho cha mphunzitsi uja pamimba, mawu n'kutuluka oyera. Ndikuliza, ndinaona mkulu wina amene anabwera atapindika msana akudziwongola pang'onopang'ono, ndodo ataipanira m'khwapa, zidendene n'kuzigundanitsa. Misozi inkatsika koma dzanja silinachoke pa sawasha. Mwambo utatha anandiitana, n'kundigwira mkono ndi manja awiri. Anandiuza kuti anzake ambiri anawakwirira mothamanga kutchire, mvula ikugwa, popanda lipenga lililonse, ndipo kuti chaka chilichonse amabwera kudzawamvera. Ndinangoyankha kuti zikomo agogo, pakuti mawu ena ndinalibe. Kuyambira pamenepo Last Post sindinkaiyeserera mwachibwana, ngakhale ndili ndekha kuseri kwa sitolo ya zipangizo.

Tinkaperekezanso maliro a anzathu m'midzi, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Rumphi, lole ikukwera mitunda ya fumbi, zipangizo titazifungatira pamiyendo kuti zisaphwanyike. Kuguba kwa pang'onopang'ono kumavuta kuposa kothamanga, makamaka m'kanjira ka kumanda kodzaza mizu ndi zitsa, maso ali pa kakhadi ka nyimbo. Ana a m'mudzi ankatitsatira kukamwa kuli yasa, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa iwo analowa usilikali chifukwa cha tsiku limenelo. Loweruka madzulo anthu omwewo tinkasanduka ena. Tinkavula zipewa, magitala n'kutuluka, rumba ndi kwela mpaka usiku, maofesala ndi akazi awo akuvina.

Ndinapuma ntchito mu 1986, ndisanaombere munthu ngakhale mmodzi, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho. Pasanapite nthawi yaitali, anyamata omwe ndinawagubitsa ndi lipenga langa anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique, ndipo ena anabwerako m'mabokosi. Amene anawalizira Last Post anali ophunzira anga.

Mano akutsogolo anatha, ndiye cornet sindiikwanitsanso. Koma Loweruka lililonse ana a kutchalitchi kwathu amabwera pakhonde ndi malipenga akale omwe wina anapereka, mabatani ake ouma, ena omangidwa ndi mphira pomwe pakutuluka mpweya. Timawamasula, kuwatsuka ndi madzi ofunda a sopo, kudonthezamo mafuta. Pali atsikana awiri amene ali ndi mpweya woposa anyamata onse, chinthu chomwe m'masiku athu sitikanachiganizira. Amafuna kuthamangira nyimbo zomwe amva pa foni, koma ine ndimawaimiritsa kaye pamzere, aliyense agwire liwu limodzi mpaka lisiye kunjenjemera. Mmodzi wa atsikanawo akuti akamaliza Fomu 4 akalembetsa usilikali, ndipo tayamba kale kuwerenga mizere isanu ija.