Tisanatumize ndalama ya simenti ku Tembwe

Ambiri a ife amene tinachoka ku Tembwe kukafuna nchito ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Copperbelt tili ndi ngongole imene sitinasainire pepala: nyumba ya kumudzi. Malipiro akangoyamba kukhazikika, timayamba kuwerenga malata. Chipinda china cha azing'ono athu, khonde la amai, chimbudzi chabwino, mwinanso kashopu kutsogolo kogulitsiramo mpunga. Ndalama timatumiza pa foni, bilikileya amatitumizira zithunzi pa WhatsApp, khoma likukwera. Koma kodi anavomereza ndani?

Timakonda kuyankha kuti kumudzi kulibe kansolo. Mbali ina ndi zoona. Malo ambiri ku Tembwe, monga m'boma lonse la Chama, ali m'manja mwa mafumu. Munthu akafuna kuonjezera chipinda pa bwalo la makolo ake, mawu oyamba ndi a banja, kenako a ahedimani, ndipo nkhani ikakula imafika kwa Amfumu a Tembwe. Chimenechonso ndi chilolezo, ngakhale chilibe chidindo. Ahedimani amadziwa pamene malire a agogo anathera, njira yopita ku chitsime, ndi malo amene madzi amaima mvula ikakula m'chigwa cha Luangwa. Ife a m'tauni timaona bwalolo mu Ogasiti, kuli gwa. Iwo amaliona mu Febuluwale.

Komabe lamulo la dziko silithera pa malire a tauni. Mu 2015 Zambia inakhazikitsa Urban and Regional Planning Act, lamulo limene linalowa m'malo mwa lakale la Town and Country Planning Act. Limalola kansolo kupangana ndi mafumu za kamangidwe ngakhale pa malo a chikhalidwe. Choncho pamene pali msika, sukulu, chipatala ndi mashopu, ndi bwino kufunsa ku Chama Town Council njerwa isanaikidwe. Ngati poloti yanu ili ndi taito kapena inachokera ku kansolo, musakaike n'komwe: mapulani ayenera kuvomerezedwa.

Ndi nchito iti imene imafuna chilolezo? Kupenta, kukonza pansi posweka, kuchotsa malata odontha n'kuika atsopano, kumeneko ndi kusamala nyumba chabe. Nkhani imasintha mukakulitsa nyumba kupitirira maziko ake, mukagwetsa khoma lonyamula denga, mukamanga nyumba ina pa poloti yomweyo, kapena mukasintha nchito ya nyumbayo: chipinda chogona kukhala bala, shopu, chigayo kapena malo ogona alendo. Pamenepo anthu ena akhudzidwa, ndipo a zaumoyo nawonso amafuna kuona mawindo, madzi ndi chimbudzi. Amene akufuna kumanga m'mbali mwa msewu waukulu akumbukirenso kuti pali malo osungidwira msewu. Tsiku limene makina adzabwera kudzaukuza, shopu yolowa m'malo amenewo ndiyo idzayamba kugwa.

Ife okhala m'tauni taona mapeto a kumanga mosafunsa. Mu Ogasiti 2022, kansolo ya Chingola inagwetsa nyumba zoposa 300 zimene zinamangidwa pa malo a bwalo la ndege la Kasompe. Simenti ya zaka zambiri inasanduka fumbi. Ku Lusaka timadziwa mmene Kanyama imasefukira chaka ndi chaka, nyumba zitatseka njira za madzi, zimbudzi zili pafupi ndi zitsime. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inafika potseketsa masukulu ndi kusandutsa Heroes Stadium kukhala chipatala. Tembwe si Kanyama, koma komboni iliyonse inayamba ndi munthu mmodzi woonjezera kachipinda kamodzi.

Palinso nkhani ya m'banja, imene imawawa kuposa ya kansolo. Tikamanga zipinda zinayi za mabuloko pa malo a banja popanda kukambirana, nyumbayo ndi ya ndani amai akadzapita? Yathu chifukwa tinagula simenti, kapena ya onse chifukwa nthaka ndi ya makolo? Amene akufuna taito adziwe kuti Lands Act ya 1995 imafuna kuti mfumu ivomereze, kansolo iikepo mawu ake, kenako Commissioner of Lands apereke pepala, nthawi zambiri la zaka 99. Malowo akalowa pa taito achoka m'manja mwa chikhalidwe, ndipo amalume ndi azakhali ayenera kumva zimenezi poyera zisanachitike. Ife timakwera basi kubwerera ku Lusaka. Mkangano umatsalira amai, amene amakumana ndi anansi awo pa chitsime m'mawa uliwonse.

Ndiye anzathu, ulendo wotsatira wa kumudzi tiupatse tsiku limodzi loonjezera. Tikhale pansi ndi banja. Tiyende malire ndi ahedimani, anansi ali pomwepo, ndipo zomwe tagwirizana zilembedwe. Tifunse akuluakulu kumene madzi amapita, chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime. Ngati ndi shopu, kapena tili pafupi ndi msewu ndi msika, tifike ku ofesi ya kansolo ku Chama ndi pulani yathu m'manja. Zikatha zimenezi, bilikileya ayambe kukumba maziko.